Za Kulandira Alendo m'Nyumba Zathu Utapita Mliri

Abale ndi alongo a m'midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka, pali funso limene lamveka pakati pathu chiyambire chaka cha 2020, ndipo ngakhale mliri wa korona unatha mphamvu, funsolo silinathe. Funso lache ndi ili: munthu wa paulendo akaima pabwalo dzuwa litapendeka, nanena kuti "Odi," kodi tidzamyalirabe mphasa monga anachitira makolo athu, kapena tidzamlozera njira ya ku nyumba zogona alendo za ku Liwonde ndi ku Balaka, kumene adzalipa ndalama? Ena ati mwambo uja unafa ndi mliri, ndipo nkwabwino kuti ufe, pakuti nthenda iyenda ndi mapazi a munthu. Ena ati kubweza mlendo ndi manyazi osachoka pamudzi. Ife tiyesa kuti mlandu uwu suweruzika bwino tisanayang'ane m'mbuyo, popeza uwu si mliri woyamba kulowa m'midzi yathu ndi anthu a paulendo, ndipo makolo athu anakomana nalo funso lomweli.

Tiyambe takumbukira kuti dziko lathu lino ndi dziko la njira. Mtsinje wa Shire utuluka m'nyanja yaikuru, nupyola m'nyanja ya Malombe, nutsikira ku Liwonde. Kum'mawa kuli nyanja za Chilwa ndi Chiuta ndi malire a Mozambique. Kumadzulo kuli mapiri a ku Ntcheu. Munthu wochokera ku Zomba kumka ku Mangochi kapena ku Ntcheu aoloka Shire pa Liwonde. Kale kunalibe galimoto kapena nyumba yogona yolipira, ndipo ulendo umene lero tiutha m'maora awiri unali wa masiku. Munthu ananyamula kamba wache, koma madzi, moto ndi pogona anayembekeza kuzipeza kwa eni mudzi. Chifukwa chache kumana mlendo malo kunali ngati kumpereka kwa zirombo, ndipo yense anadziwa kuti womana lero adzakhala wopempha mawa.

Koma tisayese kuti makolo anangolandira munthu ali yense mosasamala. Kuchereza kwao kunali ndi malamulo ache. Mlendo wosadziwika sanalowe m'nyumba imene anaikonda yekha. Anayamba waonekera kwa mfumu kapena kwa nyakwawa, nakhala pabwalo, napatsidwa madzi, nachita malonje, kunena kumene achokera, kumene amka, ndi zimene anaona m'njira. Pomwepo mfumu inamsankhira pogona. Mwamuna anagona ku gowelo pamodzi ndi anyamata, mkazi anagona kwa amai akuluakulu, ndipo chipinda cha eni nyumba sichinali cha alendo. Nkhuku inaphedwa ngati inalipo, ndipo m'mawa anamperekeza kufikira pa mphambano. Anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, chotero tisaumire pa chakudya cha tsiku limodzi. Anatinso mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, pakuti nzeru imene yasowa pamudzi kawirikawiri ifika ndi munthu wochokera kwina. Malonje aja sanali ulemu wokha ai. Mwa malonje mudzi unamva ngati kuli nkhondo, njala kapena nthomba kumene munthuyo achokera.

Ndipo nthomba anaidziwa kuopsa kwache. M'maiko ambiri a kuno wodwala nthomba anammangira msasa kunja kwa mudzi, ndipo womsamalira anali munthu amene anadwalapo kale nachira, popeza anaona kuti wotere sadwalanso kachiwiri. Sanadziwe za tizirombo tosaoneka ndi maso timene anzeru a mankhwala anatipeza pambuyo pache, koma anadziwa kumpatula wodwala osamtaya. Nzeru imeneyi tiisunge mumtima, pakuti tidzabwererako.

Tikumbukirenso kuti ambiri a ife okhala kuno tiri zidzukulu za alendo. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao anayamba kufika kuchokera kum'mawa, ku maiko a mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma, napeza Anyanja ali m'midzi yao. Maina a mafumu monga Kawinga ndi Liwonde achokera m'masiku amenewo. M'chaka cha 1859 David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa Epulo, ndipo m'Seputembala chaka chomwecho anafika ku nyanja yaikuru atayenda pansi m'dziko la Shire, iye ndi anzache akugula chakudya ndi kupempha pogona m'midzi. Masiku omwewo njira za kuno zinali kuyendamo a malonda a minyanga ndi akapolo omka ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo panali midzi imene inatsegulira mlendo madzulo nilira maliro m'mawa. Pambuyo pache, kuyambira cha m'ma 1900, Alomwe ambiri anaoloka malire kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi, napempha malo kwa mafumu a kuno. Motero makolo anaona zokoma ndi zowawa zomwe za kulandira alendo, koma mwambowo sanautaye.

Tsono tifike pa mliri wa 1918, umene akuluakulu anautcha fuluwenza. Pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, Boma la Nyasaland linatenga amuna pafupifupi 200,000 kukhala amtengatenga, kusenza katundu wa asilikari omenyana ndi Ajeremani. Likulu la Boma ndi la asilikari linali ku Zomba, ndipo mseu womka ku Fort Johnston, kumene lero titi Mangochi, unapita pa dooko la Liwonde. Nkhondo itatha m'Novembala 1918, anthu aja anamasulidwa kuti abwerere kwao, ofooka ndi njala ndi maulendo. Nthawi yomweyo nthenda ya chimfine choopsa inali kuzungulira dziko lonse lapansi m'zombo ndi m'sitima za pamtunda. Ku South Africa inapha anthu ngati 300,000 m'masabata owerengeka, ndipo pa dziko lonse akuti inapha anthu ngati 50 miliyoni, kuposa amene anafa ndi zipolopolo. Kuno inafika kumapeto kwa chaka chomwecho, niyenda m'njira zimene anayendamo asilikari ndi amtengatenga obwerera.

Apa pali chinthu chimene tiyenera kuchiyang'anitsa. Munthu amene anafika nayo nthenda pamudzi, kawirikawiri sanali mlendo wachilendo. Anali mwana wa mudzi womwewo, amene amai ache anamlira kuti anafera kunkhondo, ndipo tsopano waima pakhomo ali moyo. Ndani akadamtsekera chitseko? Anamfungatira, namlowetsa m'nyumba yopanda mazenera, nasonkhana abale onse kudzamuona, ndipo akatsokomola usiku mpweya wache unapumidwa ndi onse ogona momwemo. Mankhwala ache panalibe, ndipo kachirombo koyambitsa nthendayo anzeru anakazindikira m'chaka cha 1933, mliri utapita kalekale. Choncho lamulo lokana alendo osadziwika silikadaupulumutsa mudzi, popeza nthenda inalowa ndi mwini khomo.

Nanga utatha mliri uja, kuchereza kunatha kodi? Iai, kunachuruka, chifukwa oyenda anachuruka. M'chaka cha 1935 njanje yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kupyola pa Balaka, ndipo pa siteshoni paja panayamba kumera masitolo ndi msika. Amuna anamka ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya nsaru, nagona m'nyumba za anthu a kwao amene anatsogolako. M'chaka cha 1949 mvula inakana m'chigawo cha kumwera, ndipo anthu anayenda mitunda yaitali kukasuma chakudya. Amene anapulumuka ambiri anapulumukira m'nyumba za abale ndi za anthu osawadziwa. M'chaka cha 1965 anamanga chotchinga madzi pa Shire ku Liwonde, chimene pamwamba pache panapita mseu, ndipo m'chaka cha 1970 njanje ina inatsegulidwa kuchokera pa Nkaya kupyola Liwonde ndi Nayuchi kumka ku Nacala. Pamenepo nyumba zogona zolipira zinachuruka m'malo a malonda, ndipo wa ndalama anayamba kugona m'menemo. Koma wosauka, wodikira mbale wache ku chipatala, wodza ku maliro, ku ukwati kapena ku msonkhano wa mpingo, anagonabe m'nyumba za anthu.

Chiyeso chachikuru cha mwambowu chinadza ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira cha m'ma 1986 anthu anaoloka malire unyinjiunyinji, kufikira othawa nkhondo m'Malawi anakwana ngati 1 miliyoni, ndipo Machinga linali limodzi la maboma amene anawalandira. Ena anakhala m'misasa, koma ambiri anakhala m'midzi pakati pa anthu a chinenero chao ndi a pfuko lao, akutunga pa chitsime chimodzi ndi eni mudzi. Nkhuni zinachepa, minda inapanikizika, madandaulo analipo. Koma pangano la mtendere litachitika ku Rome m'Okutobala 1992, alendo aja anabwerera kwao amoyo. Mame aja anakhalitsa zaka, komabe anakamuka.

Tsopano tinene za mliri umene tonse tinauona ndi maso. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko liri pa ngozi chifukwa cha Covid-19. Sukulu zinatsekedwa, misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa, ndipo pa 2 Epulo odwala oyamba anapezeka. Boma linafuna kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, koma bwalo lalikuru la milandu linaletsa pa 17 Epulo, anthu atadandaula kuti wopeza chakudya cha tsiku ndi tsiku sangakhale m'nyumba wopanda kanthu. M'mwezi wa Meyi mabasi anayamba kubweretsa abale athu ochokera ku South Africa, kumene nchito zinaima. Ena anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kuyembekeza zotsatira za kuyezedwa, ndipo mazanamazana anachokapo nthawi isanakwane, namka kwao. Tidziwa tonse kuti anyamata ambiri a ku Machinga, ku Balaka ndi ku Mangochi ali ku Joni, ndi kuti nyumba zambiri za malata m'midzi yathu zinamangidwa ndi thukuta lao. Choncho za 1918 zinabwereranso: woopedwa anali mwana wathu yemwe.

M'Januwale 2021 mliri unakula, nupha nduna ziwiri za Boma tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengezanso za ngozi. Katemera anayamba kuperekedwa m'Malichi chaka chomwecho. Onse amene anawerengedwa kuti anafa ndi nthendayi m'Malawi anaposa 2,600, ndipo m'Meyi 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linanena kuti nyengo ya ngozi yatha. M'miyezi imeneyo tinaphunzira zinthu zowawa. Tinaleka kupatsana moni wa m'manja, tinaika maliro mofulumira, ndipo ena a ife tinayang'ana kumbali poona munthu wa chikwama akudza. Koma tinaphunziranso chimene makolo a 1918 sanachidziwe, kuti nthenda zotere zigwira msanga m'chipinda chotsekeka chodzala anthu, ndipo mphamvu yache ichepa panja pamene mphepo ipita. Kucheza pakhonde kapena patsinde pa mango, monga anachitira akale pochita malonje, kunapezeka kuti ndiko kwanzeru.

Palinso mtundu wina wa kulandira alendo umene tiyenera kuunena, ndiwo wa ndalama. M'chaka cha 2007, mu mzinda wa San Francisco ku America, anyamata awiri osowa ndalama ya lendi anayala matiresi m'nyumba mwao nagoneka anthu odza ku msonkhano, nawalipiritsa. M'menemo munabadwa kampani ya Airbnb m'chaka cha 2008, imene ilumikiza pa intaneti mwini nyumba ndi mlendo wofuna pogona masiku owerengeka. Mliri utafika maulendo anaima, ndipo m'Meyi 2020 kampaniyo inachotsa anchito ngati 1,900, ndilo gawo limodzi mwa magawo anai a anchito ache onse. Ambiri anayesa kuti malondawo afa. Koma anadzukanso, ndipo alendo ambiri anayamba kukonda nyumba ya paokha koposa kugona pamodzi ndi eni ache. Pambuyo pache mizinda ina inaona kuti nyumba zokhalamo eni dziko zirikusanduka zogona alendo, lendi nikwera. Mzinda wa New York unayamba m'Seputembala 2023 kukakamiza lamulo lakuti wogoneka alendo masiku osakwana 30 alembetse ku Boma, ndipo akhale m'nyumbamo iye mwini. Taonani, anthu a mzinda waukuru chotere afika pa nzeru ya nyakwawa, yakuti mlendo adziwike ndipo akhale ndi womuyankhira.

Izi sizitalikira ife. Nkhalango ya nyama ya Liwonde inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, ndipo chiyambire 2015 iyendetsedwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi Boma. Mikango inabwezedwamo m'chaka cha 2018. Alendo odzaona njobvu ndi mvuu analeka kufika pamene ndege zinaimitsidwa m'Epulo 2020, ndipo ophika, ochapa, osema ziboliboli ndi ogulitsa ndiwo anakhala manja lende. Alendo otere abweranso, ndipo ena mwa iwo afuna kugona m'mudzi ndi kudya nsima yathu. Koposa iwo alipo alendo a kwathu konkuno: ogula thonje ku Balaka, oguza nsomba za ku Chilwa ndi ku Chiuta, ogula mpunga, aphunzitsi ofika chatsopano, ndi ana a sukulu ofuna chipinda pafupi ndi sukulu yao. Banja limene liri ndi kanyumba kapadera lingathe kupeza ndalama ya feteleza ndi ya fizi mwa njira imeneyi, ndipo palibe choipa pamenepo. Koma lidziwe kuti wochita malonda ogoneka alendo afunika chilolezo cha Boma, ndiponso mliri unatiphunzitsa kuti ndalama ya alendo itha kuuma mwezi umodzi, chotero munthu asasiye khasu chifukwa cha iyo.

Nanga m'tsogolo tichite bwanji? Ife tiona kuti mbiri iyankha momveka. Chitseko chisatsekedwe, koma malamulo a kuchereza abwezedwe ndi kuonjezedwa. Choyamba, malonje asafe: mlendo wosadziwika aonekere kwa mfumu, ndipo kufunsa munthu ngati ali bwino m'thupi, ndi ngati kumene achokera kuli nthenda, kusayesedwe chipongwe, angakhale ali mwana wathu wochokera ku Joni. Chachiwiri, pomanga nyumba tikumbukire kachipinda ka mlendo kokhala ndi khomo lache ndi zenera lotseguka. Kumene banja limodzi silingathe, mudzi kapena mpingo ungathe kumanga kamodzi ka onse. M'menemo wofika akutsokomola angagone masiku oyamba, akulandira chakudya ndi ulemu wonse, monga wodwala nthomba anapatulidwa osatayidwa. Akadwala, tiitane mlangizi wa zaumoyo kapena timperekeze ku chipatala, osambisa chifukwa cha manyazi.

Chachitatu ndi madzi. Tisaiwale kuti korona asanathe, kolera inabuka, ndipo wodwala woyamba anapezeka pa chipatala cha boma la Machinga m'Malichi 2022. Mliri umenewo unafalikira m'maboma onse, nupha anthu oposa 1,700. Kolera iyenda m'madzi akumwa ndi m'manja osasamba, ndipo mwambo wathu wosambira m'mbale imodzi, kuyambira wamkuru kufikira mwana, uithandiza. Tsono mlendo timthirire madzi m'manja ndi sopo, timpatse madzi otetezedwa, ndipo chimbudzi chikhale ndi chobvundikira ndi mpondagiya pambali pache. Izi siziwononga ulemu; mwana wogwada ndi jagi ndi beseni achita ulemu woposa wa kale.

Chachinai, tisiyanitse mlendo wa malonda ndi mlendo wa tsoka. Wodza kudzagula thonje kapena kudzaona nyama alipire, pakuti ali nazo, ndipo mtengo unenedwe poyera asanagone. Koma amai amene basi yawathera pa Liwonde usiku ali ndi mwana kumbuyo, wodikira wodwala, ndi wothawa madzi osefukira, asafunsidwe kanthu. M'Malichi 2023 namondwe Freddy anasiya anthu oposa 500,000 opanda pokhala m'chigawo cha kumwera, ndipo misasa ya m'sukulu sinakwane onse. Ambiri anasungidwa m'nyumba za anansi ao. Tikazolowera kuona mlendo ali yense ngati thumba la ndalama, tsiku lotere lidzatipeza titaiwala kuyala mphasa kwaulere, ndipo tsiku limenelo opempha tingakhale ife.

Miliri ina idzafika, pakuti njanje, mseu ndi ndege sizidzaleka kunyamula anthu, ndipo ana athu sadzaleka kumka kutali ndi kubwerako. Sitingathe kuchotsa midzi yathu panjira pamene makolo anaimanga. Chimene tingathe ndi kukonzeratu nyengo ino ya mtendere: kumanga kachipinda kaja, kukumba chimbudzi, kulandira katemera akafika, ndi kupangana ndi mafumu athu za machitidwe olandirira obwera m'masiku a nthenda. Nkhani iyi ikambidwe pabwalo ndi m'misonkhano ya amai ndi ya abambo chirimwe chino, njerwa zisananyowe ndi mvula. Tikatero, wonena "Odi" madzulo adzamva "Fikani," ndipo eni nyumba adzagona tulo opanda mantha.